Galu wotayidwa wafika pakhomo, ndipo ndikufuna kumathandiza kosungirako ziweto: ndiyambire pati?

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri aang'ono. Masiku anayi apitawo ndinaona galu wamkazi wowonda kwambiri, nthiti zili pamtunda, akugona kuseri kwa mpanda wathu. Zikuoneka kuti eni ake anamutaya. Ndikufuna kumulowetsa pakhomo, koma tili kale ndi galu wathu. Chifukwa cha galu ameneyu ndinapita kumalo osungirako ziweto zosowa mwini kukadzipereka kuti ndizithandiza Loweruka lililonse. Kumeneko anandiuza kuti ndiyambira kutsuka makola, ndipo anandifunsa ngati ndingathe kulera kunyumba tiana ta mphaka topanda mayi. Ine ndimaganiza kuti ndizikasewera ndi ziweto n'kumazidyetsa. Kodi ndichite bwanji ndi galuyu, nanga ntchito yodziperekayi imafuna chiyani kwenikweni?

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanamugwire galuyo. Munthu wachifundo akatola chiweto, manja ake amathamangira zinthu zitatu: kuchiikira chakudya chodzaza mbale, kuchisambitsa, ndi kuchisakaniza ndi zinzake kuti chisasungulumwe. Zonsezi n'zabwino pa nthawi yake, koma zikachitika tsiku loyamba zingathe kupha chiweto mwatolacho, kapena kudwalitsa chimene munali nacho kale. Pa ntchito imeneyi, chimene chimapulumutsa moyo n'kudziwa choyambira ndi chotsirizira. Zili choncho pa galu ali kuseri kwa mpandayo, m'makola amene akupatsani kuti muzitsuka, ngakhalenso pa tiana ta mphaka tija.

Tiyambe ndi inuyo ndi ana anu. Galu amene simukudziwa kumene wachokera muzimuyesa wosabayitsa katemera wa chiwewe. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, pafupifupi onsewo atachitengera kwa galu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, kuchira kulibe. Ndiye anawo asayandikire galuyu, ngakhale akuoneka wofatsa chotani.

Dziwaninso kuti chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Nthawi zina galu amangofooka, chibwano n'kulendewera, dovu lili chuchuchu, akulephera kumeza ngati watsamwidwa ndi fupa. Munthu amapisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupa limene kulibe, n'kutengera matendawo pamenepo. Galuyo akakhala ndi zizindikiro zimenezi, kapena akuyenda dzandidzandi, kapena akuluma nthaka ndi timitengo popanda chifukwa, musamugwire. Itanani a zaziweto. Mukalumidwa kapena kukandidwa, kaya malovu ake agwera pabala, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, mukuyang'ana wotchi, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Galu woluma munthu amasungidwa n'kumayang'aniridwa masiku 10, chifukwa akakhalabe wathanzi mpaka pamenepo ndiye kuti malovu ake analibe kachilomboko tsiku analumalo. Koma masiku 10 amenewo ndi a galu, si anu odikirira. Ndipo popeza mukufuna kumagwira ziweto zachilendo mlungu uliwonse, funsani kuchipatala za katemera wa chiwewe wolandiriratu musanalumidwe, amene amabayidwa maulendo awiri, tsiku loyamba ndi pakapita masiku 7. Funsaninso ngati katemera wanu wa kafumbata adakali ndi mphamvu.

Kumutenga galuyo

Musamuthamangitse, musamutsekereze pakona. Galu wamantha akasowa kothawira ndi pamene amaluma. Pitani nthawi yofanana tsiku lililonse, njutani chapatali mutamulozetsa mbali ya thupi lanu, maso anu ali pansi. Kumuyang'anitsitsa m'maso, kwa galu, n'kuputa ndewu. Ponyani kachakudya pafupi ndi iye, kenako kena pafupi pang'ono ndi inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pangapite masiku awiri kapena asanu asanabwere yekha kudzakununkhizani.

Muwerengeni thupi. Akamanyambita mphuno, kuyasamula asali ndi tulo, kutembenuzira mutu kumbali kwinaku choyera cha m'maso chikuoneka, mchira ataupanira m'miyendo, ndiye kuti akupempha kuti mutalikire. Akangouma thupi n'kukhala chete, pakamwa atatseka, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, chifukwa chotsatira n'kuluma. Kugwedeza mchira sikutanthauza chikondi nthawi zonse. Mchira woimirira, wolimba, wogwedezeka pang'onopang'ono ndi chenjezo. Akazolowera, muvekeni chingwe chofewa chokhala ndi mphete yodzimanga chokha, mukuchilowetsa kumutu kuchokera m'mbali, osati kumuweramira pamwamba.

Mukamulowetsa, akhale payekha masiku 14, pamalo pamene galu wanu sangafike kapena kununkhizana naye pampanda. Akhale ndi mbale zakezake ndi chogonera chakechake, pansi pakhale posavuta kutsuka. Muziyamba kusamalira galu wanu, wachilendoyo pomaliza, kenako musambe m'manja n'kusintha nsapato. Masiku 14 amenewa ndi oti matenda amene angakhale akubisala m'thupi, monga parvo ndi distemper, aonekere. Sachotsa nkhawa ya chiwewe, chimene chingathe kubisala milungu kapena miyezi, ndipo n'chifukwa chake dokotala wa ziweto ayenera kumuona galuyu m'masiku awiri oyambirira. Dokotalayo akamuyezenso ngati ali ndi microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu kokhala ndi nambala yodziwira mwini wake. Si galu aliyense wowonda amene anatayidwa, ena anangosochera ndipo eni ake akuwafunafuna. Mukamalengeza ndi chithunzi, bisani chizindikiro chimodzi, monga banga la pamimba, kuti wobwera kudzati ndi wake akuuzeni yekha.

Pali zinthu zimene mungaone nokha ngati galuyo akulola kugwiridwa. Kwezani mlomo wam'mwamba muone nkhama. Zathanzi zimakhala zofiirira pang'ono ndi zonyowa, ndipo mukadina ndi chala n'kuchotsa, kuyera kwa pamalopo kumatha masekondi awiri asanakwane. Nkhama zoyera ngati pepala zikusonyeza kuchepa kwa magazi, kawirikawiri chifukwa cha njoka zam'mimba, nthata kapena matenda a nkhupakupa. Zachikasu zikuloza kuchiwindi kapena kusweka kwa magazi. Tsinani khungu la pakati pa mapewa n'kulisiya: likachedwa kubwerera, m'thupi mwachepa madzi, ngakhale kuti pa galu wowondetsetsa khungu limachedwa ndi kale, ndiye muonenso ngati nkhama zili zomata. Thupi la galu ndi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39.2. Nkhama zoyera, kusanza kosalekeza, kutsekula m'mimba kwa magazi, bala lokhala ndi mphutsi kapena kulephera kuimirira, zimenezo n'zopita nazo kwa dokotala lero lomwe.

Tsopano chakudya, ndipo apa ndi pamene mtima umavuta. Galu wokhalitsa ndi njala thupi lake limakhala litazolowera kudya mafuta ndi minofu yake yomwe, ndipo mchere wofunika wa m'thupi, phosphorus, potassium ndi magnesium, umakhala utatsala pang'ono. Mukamupatsa chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka chokhutitsa cha ufa, thupi limatulutsa insulin wochuluka (timadzi timene timalowetsa shuga m'maselo), ndipo insulin ameneyu amakokera mchere wotsalawo kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. Magazi amatsala opanda kanthu. Pakapita masiku awiri mpaka asanu galu uja, amene ankaoneka kuti wayamba kutsitsimuka, amafooka, mtima n'kuyamba kugunda mosalongosoka, mwina kugwa ngati wa khunyu, n'kufa mbale ili yodzaza pambali pake.

Chitani chonchi. Muyezeni kulemera: kwerani pasikelo mutamunyamula, kenako nokha, n'kuchotsera. Onani pa paketi ya chakudya cha agalu mlingo wa tsiku wa galu wolemera choncho panopa, osati mmene akanalemerera akanakhala wonenepa. Tsiku loyamba mupatseni gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingowo, moligawa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi. Ngati paketi ikuti magalamu 200 patsiku, ndiye kuti tsiku lonse adye magalamu 50, kapena kuti pafupifupi magalamu 12 pa ulendo umodzi mukagawa kanayi, kongodzaza chikhatho pang'ono. Akuyang'anani ndi maso opempha, ndipo mumva ngati mukumuchitira nkhanza. Limbani mtima. Onjezerani pang'ono tsiku lililonse kuti afike pa mlingo wonse pakutha pa mlungu. Chakudya cha nyama chokhala ndi mafuta pang'ono, monga chija chopangira ana agalu, chimaposa cha ufa. Madzi akhalepo nthawi zonse. Galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, koma ngati akumwa mothamanga n'kusanza, muzimupatsa pang'onopang'ono theka la ola lililonse.

Kusamba kudikire mpaka atapeza mphamvu. Chiweto chowonda chilibe mafuta otchinga kuzizira. Nkhupakupa zichotseni ndi kopanira, mukugwira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika. Musazitenthe kapena kuzithira mafuta, chifukwa zikatero zimalavulira tizilombo m'magazi. Ubweya ukathothoka m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, galu akudzikanda usiku wonse, ganizirani mphere, ndipo mtundu umenewu umayabwitsanso anthu. Timadontho tozungulira topanda ubweya tingakhale chipere, chimene ana amatengera msanga. Mankhwala a anthu musamupatse. Ibuprofen amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu, ndipo paracetamol, ngakhale piritsi limodzi, angathe kupha mphaka. Anyezi, adyo, chokoleti ndi mphesa nazonso ndi poizoni kwa agalu.

Za kutsuka makola

Mwakhumudwa kuti akuyambitsani ndi tsache ndi ndowa. Walira mvula walira matope, Mayi, koma maganizo athu ndi akuti ntchito akupatsaniyo ndi imene imapulumutsa ziweto zambiri kuposa ina iliyonse pamalopo. Ganizirani za parvo. Kachilomboka kanadziwika mu 1978, ndipo m'zaka zochepa kanali katafala padziko lonse. Kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala, kamakhala ndi moyo pansi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka pamalo a mthunzi ndi achinyezi, ndipo kamayenda pa nsapato, pa tsache, pa mbale ndi m'manja mwa munthu. Mwana wa galu akakatenga amasiya kudya, amasanza, n'kuyamba kutsekula magazi onunkha kwambiri, ndipo popanda chithandizo ambiri amafa m'masiku ochepa. Amphaka ali ndi matenda awo ofanana nawo, otchedwa panleukopenia. Wodzipereka amene akuyenda khola ndi khola kusisita tiagalu tonse chifukwa chotikonda angathe kufalitsa parvo pamalo onse m'mawa umodzi.

N'chifukwa chake kutsuka kuli ndi ndondomeko. Mumayambira kwa ana athanzi, amene chitetezo chawo n'chochepa, kenako akuluakulu athanzi, kenako ongofika kumene, odwala pomalizira penipeni, ndipo simubwereranso m'mbuyo ndi zovala zomwezo. Chigawo chilichonse chikhale ndi tsache, bulashi ndi ndowa yakeyake. M'khola lililonse, choyamba tulutsani chiweto. Kupopera madzi galu ali momwemo kumamuziziritsa ndi kumuopseza. Wolani chimbudzi ndi zotsala za chakudya, kwechani ndi sopo pansi, m'makoma ndi m'zitsulo za chitseko, tsukuluzani, ndipo pamenepo m'pamene muthire mankhwala ophera tizilombo. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amathira klorini pamwamba pa zonyansa, osadziwa kuti zonyansazo zimamutha mphamvu asanafike pa kachilombo.

Klorini wamadzi woyeretsera zovala, wa mphamvu ya 5 peresenti, musungunule mamililita 30 mu lita imodzi ya madzi, kapena kuti mamililita 300 mu ndowa ya malita 10. Pamalopo pakhale ponyowa mphindi 10, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera n'kudikira paume chiweto chisanabwerere. Sungunulani watsopano tsiku lililonse, chifukwa kuwala ndi kutentha zimamufooketsa. Kuwonjezera mlingo sikupha tizilombo tambiri, kumangowotcha mapazi a ziweto ndi kupweteka m'mphuno mwawo. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, pamatuluka mpweya woopsa. Mankhwala aja amene amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi kawirikawiri amakhala ndi phenol, ndipo amphaka akawaponda n'kudzinyambita amadwala. Klorini sagwira ntchito pa dothi kapena pa udzu, choncho tiagalu tosamaliza katemera tisaikidwe pabwalo la dothi pamene padutsa agalu ambiri. Ndipo mankhwala opaka m'manja aja a mowa sadalirika pa parvo. Sopo ndi madzi, kapena magolovesi osintha pakati pa khola ndi khola.

Wotsuka khola ndiyenso woyamba kuona. Musanawole, yang'anani: chimbudzi n'cholimba kapena chamadzi, muli magazi kapena njoka, chakudya chadzulo chatha kapena chatsala, madzi amwedwa ochuluka bwanji. Pali manthongo, mamina, chifuwa, kuyetsemula? Lembani pa khadi la pakhola, ndi tsiku, m'mawu olunjika. Kulemba kuti "sakuoneka bwino" sikuthandiza dokotala. Lembani kuti "wasiya theka la chakudya masiku awiri, chimbudzi chamadzi kawiri m'mawa uno". Kwa amphaka zimenezi n'zofunika koposa, chifukwa mphaka amabisa matenda, ndipo akakhala masiku angapo osadya chiwindi chake chimadzaza mafuta n'kuyamba kulephera. M'kakhola ka mphaka musamasunthe zinthu zonse tsiku lililonse. Fungo lake lomwe ndi limene limamukhazika mtima pansi, ndipo nkhawa imadzutsa chimfine cha amphaka. Chotsani zodetsedwa zokha, musiyireni katoni yobisalamo, ndipo mbale ya chakudya italikirane ndi mchenga wochitiramo chimbudzi. Mayi woyembekezera asiyire ena ntchito yowola mchenga umenewu chifukwa cha matenda a toxoplasmosis, amene angavulaze mwana ali m'mimba.

Kusewera ndi ziweto kudzafika, ndipo si kosafunika. Mwana wa galu amaphunzira kukhulupirira anthu ali ndi milungu 3 mpaka 12, wa mphaka milungu 2 mpaka 7. Akapanda kugwiridwa mwachikondi nthawi imeneyo amakula wamantha, ndipo chiweto chamantha n'chovuta kuchipezera mwini watsopano. Galu wamkulu wokhalitsa m'khola amayamba kuzungulirazungulira, kulumphira khoma, kudziluma mchira. Kumuyendetsa mphindi 20, mukumulola kununkhiza kumene akufuna, kumamutsitsimula kuposa kumuthamangitsa. Galu akakuchenjezani ndi kulira kwa kukhosi kuja, musamukalipire. Mukamuletsa kuchenjeza, ulendo wina adzaluma osachenjeza. Agalu awiri akagwirana, musapise manja pakati. Athireni madzi kapena lowetsani thabwa pakati pawo. Mphaka akakulumani pitani kuchipatala ngakhale bala likuoneka ngati kadontho, chifukwa mano ake amabaya mozama ndipo dzanja limatha kutupa tsiku lisanathe.

Lonjezani maola amene mungakwanitsedi. Amene amabwera maola atatu Loweruka lililonse kwa chaka ndi wodalirika kuposa wobwera tsiku lililonse kwa milungu iwiri n'kuzimiririka. Nanunso muwayang'ane malowo. Muyezo wodziwika ndi ufulu usanu wa ziweto, umene unachokera mu lipoti la komiti ya Brambell lonena za kasamalidwe ka ziweto, la mu 1965 ku Britain: kusakhala ndi njala kapena ludzu, kukhala pamalo abwino, kusavutika ndi ululu kapena matenda, kuchita zimene chiwetocho chimachita mwachibadwa, ndi kusakhala mwamantha. Malangizo a bungwe la madokotala a m'malo osungirako ziweto la Association of Shelter Veterinarians, amene anatuluka mu 2010, anawerengera pafupifupi mphindi 15 patsiku pa chiweto chilichonse, zongotsukira ndi kudyetsera. Ziweto 40 ndiye kuti maola 10 a ntchito. Mukaona ziweto 200 ndi antchito awiri, palibe chipinda chopatulira odwala, zazimuna ndi zazikazi zosatsekedwa zili pamodzi ndipo zikuberekerana momwemo, dziwani kuti pamalopo ziweto zikuvutika ngakhale eni malowo ali ndi mtima wabwino. Funsaninso poyera zimene amachita ndi chiweto chimene sichingachire. Mudzakumana ndi tsiku limene galu amene mwamuzolowera adzagonekedwa tulo tosadzuka kuti asapitirire kumva ululu, ndipo ndi bwino kulidziwiratu.

Tiana ta mphaka

Musanavomere, dziwani kuti m'milungu iwiri yoyamba mudzadzuka usiku maola awiri kapena atatu alionse. Ngati zimenezo sizingatheke ndi ana anu ndi ntchito zanu, pemphani tiana ta milungu inayi kupita m'tsogolo, timene tayamba kudya tokha. Kumeneko n'kuthandizanso. Ndipo mukadzapeza tiana panja, musafulumire kutinyamula. Tikakhala toyera, tofunda, timimba tili tokhuta ndipo tikugona mwakachetechete, mayi wawo ali pafupi. Wazani ufa pang'ono mozungulira malowo, chokanipo maola angapo, n'kubwera kudzaona ngati pali mapazi a mayi wawo. Palibe botolo loposa bere la mayi wawo.

Msinkhu mumaudziwa poona. Mchombo umagwa pakatha masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono. Maso amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14. Timano takutsogolo timatuluka pa milungu iwiri kapena itatu. Kamwana kamabadwa ndi magalamu pafupifupi 100 ndipo kamawonjezera pafupifupi 100 ena mlungu uliwonse.

Lamulo lalikulu ndi ili: kutenthetsa kaye, kudyetsa pambuyo. Kamwana kongobadwa sikatha kudzifunditsa. Kakazizira, matumbo ake amaima, ndipo mkaka umene mwakapatsa umangokhala m'mimba n'kusasa, kapena umabwerera n'kulowa m'mapapo. Gwirani timapazi, khutu ndi m'kamwa. Mukamva kuzizira, kaikeni pachifuwa panu m'kati mwa malaya, kapena pambali pa botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, katenthe pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena awiri. Ngati kali lefulefu, pakani timadzi ta shuga pankhama ndi nsonga ya chala. M'katoni mwawo muzitentha madigiri 29 mpaka 32 mlungu woyamba, n'kumatsitsa pang'ono mlungu uliwonse. Chotenthetsera chikhale mbali imodzi yokha, kuti kamene katenthedwa kakwawire kozizirirako.

Mkaka ukhale uja wopangira ana amphaka. Wa ng'ombe uli ndi zomanga thupi ndi mafuta ochepa poyerekeza ndi wa mphaka, ndipo shuga wake amatitsekula m'mimba. Kamwana ka magalamu 150 kakatsekula tsiku limodzi kangathe kufa. Sungunulani monga paketi yanenera, osawonjezera ufa poganiza kuti tinenepa msanga. Donthezani pa mkono wanu, ukhale wofunda ngati thupi. Bowo la nsonga ya botolo likhale loti mukalizondotsa mkaka uzidontha kamodzikamodzi. Ukamachita kuyenderera, labooka kwambiri.

Kagonekeni chafufumimba pa thaulo, timapazi tonse pansi, mutu utadzuka pang'ono, monga kamayamwira kwa mayi wake. Musakanyamule chagada ngati khanda la munthu, ndipo musafinye botolo. Kamene kakuyamwa bwino kamapinda lilime mozungulira nsonga ya botolo, timakutu n'kumagwedera. Mkaka ukatulukira m'mphuno, siyani pomwepo, chifukwa walowera kumapapo, ndipo kumeneko ndi kumene chibayo chimayambira. Kamimba kake kamalandira pafupifupi mamililita 4 pa magalamu 100 alionse a thupi, ndiye ka magalamu 150 kasapitirire mamililita 6 pa ulendo umodzi. Mkaka wosungunula ukhale m'firiji ndipo usapitirire maola 24.

Tiana tosakwana milungu itatu kapena inayi sitikodza kapena kuchita chimbudzi patokha. Mayi wawo amatinyambita. Inu tengani thonje loviika m'madzi ofunda, sisitani pansi pa kamchira mofewa nthawi iliyonse ya chakudya. Mkodzo uzibwera ulendo uliwonse, wachikasu chotuwa. Ukakhala wachikasu kwambiri, kamwanako kakuchepa madzi. Chimbudzi chimabwera kamodzi patsiku kapena pa masiku awiri. Mukatha pukutani paume.

Sikelo ya kukhitchini ndiyo dokotala wanu woyamba. Yezani kamwana kalikonse nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, n'kulemba m'kope. Kazikwera magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Kakaima tsiku limodzi, kayang'anireni. Kakatsika, kapena kakakana kuyamwa maulendo awiri otsatizana, imbirani dokotala osadikira kuche, chifukwa tiana timeneti timafooka m'maola ochepa. Ngati tikufanana, pakani kadontho ka utoto wosavulaza pa khutu kuti musadyetse kamwana kamodzi maulendo awiri n'kuiwala kena. Nthata zichotseni ndi chipeso cha mano othithikana, n'kumaziviika m'madzi a sopo. Mankhwala ambiri a nthata si a tiana tosakwana milungu 8, ndipo aliwonse okhala ndi permethrin, amene amapezeka m'mankhwala ambiri a agalu, amapha amphaka a msinkhu uliwonse. Pa milungu inayi yambani kuika phala la chakudya cha amphaka chosakaniza ndi mkaka wawo m'mbale yosazama, botolo likupitirirabe. Tiana tina timafa ngakhale mwachita zonse molondola, makamaka timene sitinayamwe mkaka woyamba wa mayi tsiku lobadwa, umene umapereka chitetezo. Zikadzachitika, uzani a kumaloko msanga kuti aone ngati totsalato tili pangozi.

Tiana timeneti tikhale m'chipinda chawo, kutali ndi agalu onse awiri, ndipo tikukulangizani kuti musatitenge galu wachilendoyu asanamalize masiku ake 14. Odwala awiri nthawi imodzi achuluka kwa munthu amene akuyamba kumene.

Masikuwo akatha, galuyo akudya mlingo wonse, wamwa mankhwala a njoka zam'mimba ndipo wabayitsa katemera, m'pamene angakumane ndi wanu. Onetsetsani kuti wanuyo katemera wake ndi wokwanira. Akumane kunja kwa mpanda, aliyense ali ndi womugwira chingwe, muziyenda njira imodzi motalikirana mamita angapo, n'kumayandikira akamaoneka omasuka. Anunkhizane masekondi atatu, muwalekanitse, kenako abwerezenso. Pakhomo azidyera kosiyana kwa milungu ingapo, chifukwa galu wodziwa njala amateteza mbale yake ndi mano, ndipo ana anu asamuyandikire akamadya kapena akagona. Pomaliza, kambiranani ndi dokotala za kumutseka kuti asabereke. Galu wamkazi amafuna amuna kawiri pachaka ndipo bere lake limatenga masiku pafupifupi 63, choncho n'kutheka kuti wafika ali nalo kale pansi pa nthiti zoonekerazo. Pemphani dokotala amuyeze zimenezo pa ulendo woyamba womwewo, chifukwa zikakhala choncho mankhwala a njoka, katemera ndi mlingo wa chakudya zonse zisintha.